Phulusa ndi Macheka: Mount St. Helens m'Zithunzi za Frank Gohlke

Pa 18 Meyi 1980, mbali ya kumpoto ya phiri la St. Helens, m'chigawo cha Washington ku America, idagumuka ndipo mpweya wamoto udatulukira cham'mbali m'malo molunjika kumwamba. Anthu 57 adafa, kuphatikizapo ojambula zithunzi awiri, Reid Blackburn ndi Robert Landsburg. M'mphindi zochepa nkhalango ya masikweya kilomita pafupifupi 600 idatheratu, mitengo ikuluikulu itagona mbali imodzi ngati mapesi okunthidwa ndi namondwe.

Nyuzipepala zidakhutira ndi utsi wa tsiku limenelo. Frank Gohlke, yemwe adadziwika pa chionetsero cha New Topographics mu 1975, adafika mu 1981 atolankhani atabalalika kale, ndipo adapitako kasanu kufikira 1990. Zithunzizo zidaonetsedwa ku Museum of Modern Art ku New York mu 2005.

Kwa wolemba mbiri, phindu la ntchitoyi lili pa chinthu chomwe ambiri sadafune kuchiona. Phiri lisadaphulike, macheka adali atalowa kale m'nkhalangomo. Ndipo litaphulika, makampani adathamangira kukolola zipika zogwa zisadawole. Choncho pa zithunzi zingapo, makamaka zojambulidwa ali m'ndege, diso limavutika kulekanitsa dazi la phiri ndi dazi la munthu. Chimene chimaulula ndi misewu ya malole, zitsa zodulidwa mosalala, ndi malire owongoka omwe moto wa pansi pa nthaka sungawalembe. Gohlke sadzudzula aliyense. Amangoika zilonda ziwirizo pa pepala limodzi, ndipo apa akuposa alaliki ambiri a zachilengedwe.

Kuphukanso kwa nkhalango nako kuli pawiri. Kampani ya Weyerhaeuser idabzala mbande zoposa 18 miliyoni pa malo ake, pamene mu 1982 nyumba ya malamulo ya dzikolo idapatula mahekitala pafupifupi 44,500 kuti achire okha. Mbali yobzalidwa idabiriwira msanga. Mbali inayo idachita pang'onopang'ono: timitengo tomwe chipale chidatiphimba tsiku latsokalo tidapulumuka, tinyama tonga mfuko tidafukula dothi lakale n'kulisakaniza ndi phulusa, ndipo kaduwa kotchedwa lupine, komwe kamalemeretsa nthaka ngati nyemba, kadamera pa chigwa chowauka chakumpoto kwa phirilo. Zipika zomwe zidakokolokera m'nyanja ya Spirit Lake zikadayandamabe mpaka lero.