Linga la Maginot ndi Kugonja kwa France mu 1940

Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse itatha mu 1918, dziko la France linali litataya asilikali oposa 1.3 miliyoni, ndipo atsogoleri ake, podziwa kuti Ajeremani anali ochuluka kuposa iwo, anagwirizana zoti simenti ndi zitsulo ndizo zitchinjirize malire m'malo mwa miyoyo ya anyamata. Maganizo amenewa ndiwo anabala linga la Maginot, lotchedwa dzina la André Maginot, nduna ya zankhondo imene inalimbikira kuti nyumba ya malamulo ivomereze ndalama zomangira lingalo. Linga limeneli linali mndandanda wa nyumba zankhondo zokumbidwa pansi m'malire a France ndi Germany, ndipo zikuluzikulu mwa izo zinali ndi magetsi akeake, zipinda zogona, sitima zazing'ono zonyamula zipolopolo m'mipita ya pansi, komanso mizinga yobisika m'zivindikiro zachitsulo zimene zinkatukuka powombera, kenako n'kutsikanso.

Cholinga cha omangawo chinali choti asilikali ochepa agwire malire a kum'mawa, kuti mdani akakamizike kudzera ku Belgium, kumene magulu amphamvu a France akanakakumana naye nkhondo isanalowe m'dziko lawo. Pakati pa lingalo ndi zigwa za Belgium panali nkhalango ya mapiri ya Ardennes ndi mtsinje wa Meuse, malo amene akuluakulu a asilikali ankakhulupirira kuti gulu lalikulu silingadutsepo mwamsanga, choncho anaikako asilikali osaphunzira mokwanira ndi zida zoperewera.

Nkhondo itabukanso, Ajeremani poyamba anakonza zodzera ku Belgium komweko monga anachitira mu 1914, koma mu Januwale 1940 ndege yawo imene inanyamula zikalata za dongosololo inatera mwangozi m'dzikolo, ndipo mwezi wotsatira Adolf Hitler anavomereza maganizo a Erich von Manstein, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali ake. Dongosolo latsopanoli linagawa ntchito patatu. Gulu la Wilhelm von Leeb linaima moyang'anizana ndi linga kuti asilikali a France a kumeneko asasunthe, gulu la Fedor von Bock linalowa m'Netherlands ndi m'Belgium ngati nyambo, pamene gulu la Gerd von Rundstedt, limene linapatsidwa magulu 7 mwa magulu 10 a akasinja, linayenera kudutsa Ardennes n'kukantha pamalo pamene linga lolimba linathera.

Ajeremani atayamba kuukira pa 10 Meyi 1940, mkulu wa asilikali a France, Maurice Gamelin, anathamangitsira magulu ake abwino ku Belgium pamodzi ndi asilikali a Britain, ndipo gulu la Henri Giraud, limene likanakhala losungidwa kumbuyo kudikira pamene pangaboweke, analitumiza kutali ku Breda, m'Netherlands. Pa 12 Meyi asilikali a Heinz Guderian, a m'gulu la Rundstedt, anafika pa Meuse ku Sedan, ndipo pa 13 Meyi, ndege zitaponya mabomba kwa maola ambiri mpaka oteteza anasokonezeka, anawoloka pa mabwato a mphira n'kumanga milatho yodutsapo akasinja. Pofika pa 20 Meyi anali atafika kunyanja pafupi ndi Abbeville, motero magulu amene anapita ku Belgium anatsekeredwa, ndipo asilikali pafupifupi 338,000 anapulumukira pa doko la Dunkirk atasiya zida zawo zazikulu.

Kusiyana kwenikweni kwa mbali ziwirizi kunali pa kayendetsedwe ka ulamuliro, popeza pa chiwerengero cha akasinja France ndi anzake sanali ochepekedwa. Ajeremani ankatsatira mwambo wopereka cholinga kwa wolamulira wamng'ono n'kumusiyira ufulu wosankha njira yochikwaniritsira, ndipo Guderian ankayenda kutsogolo m'galimoto yokhala ndi wayilesi, n'kumasintha malamulo malinga ndi zimene ankaona ndi maso ake. Gamelin anali ku Vincennes, pafupi ndi Paris, kumene ankadalira lamya ndi amithenga a pa njinga zamoto, kotero kuti malamulo ake ankafika kwa asilikali zinthu zitasintha kale.

Linga lenilenilo linachita zimene analimangira. Nyumba yaing'ono ya La Ferté, ya kumapeto kwa mndandandawo, inagwa pa 19 Meyi ndipo asilikali ake onse, oposa 100, anafera mkatimo, koma nyumba zikuluzikulu zinagwirabe mpaka pangano loleka nkhondo litasainidwa pa 22 Juni, ndipo asilikali ake anatuluka chifukwa cholamulidwa ndi boma lawo. N'chifukwa chake si chilungamo kuloza chala omanga linga kapena amene anafera momwemo. Linga limangouza mdani malo oti asadzerepo, ndipo ntchito yolingalira kumene adzatulukire, yosunga asilikali okamutchingira, ndi yopereka malamulo nthawi isanathe imakhalabe ya atsogoleri, imene mu 1940 akuluakulu a nkhondo a France analephera kuigwira.