Wansembe amene adabisa ana atatu

Lero tikumbuke zimene zidachitika ku Avon, m'dziko la France, pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Kumeneko kudali sukulu ya anyamata yogonera konko, ndipo mkulu wake adali Bambo Jacques, wansembe wa chipani cha Akarmeli. M'chaka cha 1943, pamene anthu a Hitler ankasaka Ayuda kuti awaphe, iye adalandira anyamata atatu Achiyuda nawapatsa maina ena kuti asadziwike.

Pa 15 Januwale 1944 apolisi a Gestapo adafika nagwira anawo pamodzi ndi wansembeyo. Ana atatu aja adaphedwa ku Auschwitz. Bambo Jacques adazunzika kundende ya Mauthausen, ndipo adamwalira ku Linz pa 2 Juni 1945, nkhondo itangotha kumene.

Mwa ana a sukulu amene adaona zimenezi mudali Louis Malle, wa zaka 11. Mu 1987 iye adapanga kanema wotchedwa Au revoir les enfants. M'kanemamo mnyamata Julien apalana ubwenzi ndi mmodzi wa obisidwawo, ndipo umwana wake uthera pa bwalo la sukulu, m'mawa womwe mnzake ndi wansembe atengedwa.

Makolo ndi akatekisiti, taganizani: Malle adasunga mumtima zimene adaonazo zaka 43. Ana athu adzaiwala zambiri zimene tiwaphunzitsa pakamwa, koma sadzaiwala chimene tidachitira mnzathu pa tsiku la mantha. Ambuye atilimbitse mtima.