Mbiri ya Zombo Zodyetsa Zinzake pa Nyanja

Mu mzinda wa San Diego, ku gombe la kumadzulo kwa America, amisiri a kampani ya NASSCO ali pa ntchito yopanga zombo zazikulu zimene sizisenza mizinga yoopsa, zimenenso anthu wamba satchula ngakhale maina ake. Komatu zikadapanda kukhalapo, zombo zankhondo zambiri zimene akuluakulu a dzikolo amanyadira zikadayenda masiku owerengeka okha ndi kubwerera kudoko ndi njala.

M'masiku a makolo, pamene zombo zinkayenda ndi matanga, mphepo inali yaulere, ndipo amalinyero ankadera nkhawa madzi akumwa ndi kamba basi. Koma walira mvula walira matope: anthu atakondwera ndi liwiro la injini za nthunzi, anapeza kuti adzigulitsa ukapolo kwa malasha, kotero kuti Britain anaunjika malashawo m'madoko monga Gibraltar, Malta, Aden ndi Simon's Town, pamene mitundu yosowa madoko otere inaona zakuda. Mu Okutobala 1904 zombo za Russia, motsogozedwa ndi Zinovy Rozhestvensky, zinanyamuka ku nyanja ya Baltic kukamenyana ndi Japan, zambiri mwa izo zikuzungulira Africa yense. Ndipo popeza panalibe doko lawolawo panjira, zinadalira zombo zaganyu za kampani ya ku Germany ya Hamburg-America. Amalinyero ankakokera malasha m'matumba pa dzuwa loswa mtengo, nawaunjika m'makonde, m'zipinda zogona ndi paliponse pamene panali mpata, mpaka fumbi lakuda linalowa m'chakudya ndi m'mapapo momwe. Anthu otopa chotero ndiwo anakagonja pa Tsushima mu Meyi 1905, chaka chomwecho chimene Britain anakhazikitsa gulu la zombo zotumikira lotchedwa Royal Fleet Auxiliary.

Mafuta ndiwo anamasula goli limeneli, pakuti chimene chimayenda m'payipi sichilira msana wa munthu. Winston Churchill, amene anayamba kuyang'anira zombo zankhondo za Britain mu 1911, analimbikira kuti zombo zatsopano zisiye malasha, ndipo mu 1914 boma lake linagula gawo lalikulu la kampani ya Anglo-Persian Oil. Ku America nako, mu Meyi 1917, chombo chotchedwa Maumee chinamwetsa mafuta zombo zing'onozing'ono zankhondo zisanu ndi chimodzi pakati pa nyanja ya Atlantic, pa ulendo wawo wa ku Ireland. Mmodzi mwa okonza njirayo anali msilikali wachinyamata, Chester Nimitz, yemwe pambuyo pake analamulira zombo za America pa nkhondo ya ku Pacific.

Ntchito imeneyi ndi yoyenera kuilingalira bwino, chifukwa kufikira lero ndi yoika moyo pachiswe. Zombo ziwiri zimayenda mogundizana mapewa, motalikirana mamita ngati 50 okha, pa liwiro la makilomita oposa 20 pa ola, madzi apakati pake akuwinduka ndi kuzikokera pamodzi. Mmalinyero amawombera kachingwe ndi mfuti kuwolotsa mpatawo. Kachingweko kamakoka chingwe chokulirapo, icho nichikoka chachitsulo, ndipo pa chachitsulocho amapachika payipi yakuda yonenepa imene imatsetsereka mpaka kukalowa pakamwa pa thanki ya chombo chinacho. Zimakhala ngati mayi woyamwitsa mwana ali pa ulendo, osaima ngakhale pang'ono. Ndipo wogwira chiwongolero akangophethira, zitsulo zimagundana ndipo chingwe chikaduka chingathe kupha munthu.

Adani sanachedwe kuzindikira kumene kuli mtima wa gulu la zombo. Pa 7 Meyi 1942, pa nkhondo ya ku Coral Sea, ndege za Japan zinaphulitsa chombo cha mafuta cha America chotchedwa Neosho, zitachiyesa chonyamula ndege, ndipo otsala amoyo anayandama pa chigoba chakecho masiku anayi asanapulumutsidwe. Ine ndimaona kuti olemba mbiri sawachitira chilungamo anthu otere, otunga madzi a ankhondo, amene ankagona pamwamba pa mafuta oyaka msanga popanda zida zokwanira zodzitetezera.

Zombo za mafuta za America za mtundu wa Henry J. Kaiser, zimene zinayamba ntchito m'zaka za m'ma 1980, tsopano zakalamba, ndipo zambiri zili ndi khoma limodzi lokha pakati pa mafuta ndi nyanja, chinthu chimene malamulo anayamba kukana chombo cha Exxon Valdez chitataya mafuta ku Alaska mu 1989. Zolowa m'malo mwake, zimene akupanga ku San Diego kuja, zili ndi makoma awiri, ndi zazitali mamita 227, zimasenzanso chakudya ndi katundu wina, ndipo zimayendetsedwa ndi amalinyero wamba a bungwe la Military Sealift Command. Choyamba, chimene chinaperekedwa mu Julayi 2022, anachitcha John Lewis, dzina la womenyera ufulu wa anthu akuda amene anamenyedwa ndi apolisi ku Selma mu 1965. Boma la America likufuna zombo 20 zotere, ndipo changu chake nchomveka: mu Seputembala 2024 chombo chakale cha Big Horn chitawonongeka kufupi ndi Oman, gulu lonse loperekeza chonyamula ndege cha Abraham Lincoln linatsala lopanda chombo chake cha mafuta, akuluakulu nayamba kufunafuna kumene angapeze china.