Dzuwa la pa mbendera yathu ndi ulendo wake

Dzuwa lomwe lili pa mbendera ya Malawi lidalipo kale ufulu usanabwere. Chizindikiro cha Nyasaland chidali ndi kambuku ataima pathanthwe, kumbuyo kwake dzuwa likutuluka. Pakati pa usiku wolowera pa 6 Julaye 1964, pabwalo lomwe lero ndi Kamuzu Stadium ku Blantyre, Union Jack idatsitsidwa Prince Philip akuonerera. Kambuku uja adatsalira pa chizindikiro cha boma, dzuwa n'kukwera lokha pamlongoti.

Telala aliyense amene adasokapo mbendera yathu akuuzani kuti nsalu zake zitatu sizivuta. Zimakhala zofanana kukula: yakuda pamwamba, yofiira pakati, yobiriwira pansi, mitundu yomwe idachokera ku mbendera ya Malawi Congress Party. M'litali mukayeza magawo atatu, m'lifupi muyeze awiri. Potuluka thukuta ndi pa dzuwa lofiiralo, chifukwa timizere ta cheza chake tiyenera kukwana 31, kukumbutsa kuti dziko lino lidali la nambala 31 kulandira ufulu mu Africa. Zina zogulitsidwa m'misewu, mukawerenga timizereto, mupeza kuti wosoka adatopera panjira.

Mu Julaye 2010 boma la Bingu wa Mutharika lidati kunja kudacha kalekale, dziko latukuka, ndipo lidasintha mbendera. Yofiira idakwera pamwamba, yakuda idatsikira pakati, ndipo padaikidwa dzuwa loyera lathunthu la timizere 45. Ambiri adang'ung'udza kuti sadafunsidwe mokwanira. Chaka chotsatira, anthu akugona pamizere ya mafuta, uthenga wa dzuwa limenelo udali wovuta kuumeza. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, aphungu adabwezeretsa yakale ija pa 28 Meyi, mu ulamuliro wa Joyce Banda.

Kaulutsidwe ka mbendera kalinso ndi mwambo. Pa maliro a fuko, monga masiku 21 olira Saulos Chilima mu Juni 2024, mbendera imaulukira pakatikati pa mlongoti. Koma sangoikoka n'kuimangira pomwepo ayi. Imayamba yafika pansonga, kenaka n'kuitsitsa pang'onopang'ono, ndipo madzulo imakweranso pansonga isanatsike. Woilandira amaonetsetsa kuti isakhudze dothi.

Inu aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a m'maofesi, kayang'aneni yomwe ili pamlongoti wanu. Ngati yakuda yasanduka yotuwa ndipo m'mphepete mwayamba kuyoyoka ulusi, itsitseni mugule ina.