Ndirande: mudzi wa antchito amene anamanga Blantyre

Amishoni a Church of Scotland atafika mu 1876 n'kuyambitsa Blantyre, m'munsi mwa phiri la Ndirande munali kale midzi ndi mafumu ake. Tauni itayamba kukula, atsamunda ankafuna anthu oumba njerwa, ophika ndi onyamula katundu, koma sankafuna kukhala nawo moyandikana. Antchitowo ankapita kwa mafumu a kunja kwa malire a tauni kukapempha malo, n'kudzimangira okha nyumba, poti kuntchito kunali koyenda wapansi.

Wobwera kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Chiradzulu ankafikira kwa mbale wake, n'kumagona pamphasa pabalaza mpaka atapeza ganyu. Akapeza, nayenso ankaitana mphwake. Umu ndi mmene madera a mu Ndirande monga Goliyo, Malabada, Makata ndi Chinseu anadzazira, nyumba kugundana ndi nyumba, tinjira tongokwana munthu ndi ndowa yake pamutu. Pamalo otere simungabisane. Maliro akagwa, amayi amayenda khomo ndi khomo kutolera ufa ndi nkhuni, abambo n'kugona pa siwa, ndipo palibe wofunsa kuti womwalirayo anali wa mtundu wanji.

Mafakitale a ku Makata, monga David Whitehead and Sons ndi Carlsberg imene inatsegulidwa mu 1968, anakopa anthu enanso ambiri. Ndi pa fakitale ya nsalu ya Whitehead pamene sitiraka ya mu Meyi 1992 inayambira, patangopita miyezi iwiri chiwerengedwere kalata ya maepisikopi a Katolika yodzudzula boma. Zipolowe zinafalikira mumzinda, anthu anaphedwa, ndipo chaka chotsatira Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Kuyambira pamenepo, wandale aliyense amadziwa kuti Ndirande ikakwiya, Blantyre sagona.

Zaka zomwezo phiri linavulidwa. Mitengo inathera nkhuni, matabwa ndi minda, ndipo lero mvula ikagwa yamphamvu madzi amatsetsereka ndi matope kulowa m'makomo, mtsinje wa Nasolo n'kudzaza zinyalala.

Komabe pitani ku msika m'mawa: okhoma zidebe akusula mbaula ndi ndowa, akalipentala akupala mipando, ndipo katunduyo amagulidwa ndi mzinda wonse. Anthu amenewa anadzipangira okha mudzi popanda wowajambulira mapu. Khonsolo ya mzinda iwakonzere ngalande, misewu ndi madzi a m'mipope, pakuti ngongole imeneyi ndi yakale.