Mthunzi wa zomera pa nyumba: momwe umaziziritsira ndi mitengo yoyenera

Nyumba ya malata imatentha chifukwa denga limalowetsa kutentha kwa dzuwa masana, pomwe makoma amakusunga n'kumakutulutsira m'kati mpaka usiku. Zomera zimathandiza m'njira ziwiri. Masamba amatchinga dzuwa lisanafike pa khoma, komanso amatulutsa chinyezi chomwe chimaziziritsa mpweya wozungulira nyumbayo.

M'mizinda ikuluikulu njirayi yafika pa nyumba zosanjikizana. Ku Milan, m'dziko la Italy, nyumba ziwiri zotchedwa Bosco Verticale, zomwe zinatsegulidwa m'chaka cha 2014, zili ndi mitengo yoposa 700 m'makonde ake. Ku Japan, magetsi atachepa m'chaka cha 2011, mabanja ambiri anayamba kuyangitsa zomera pa maukonde kunja kwa mawindo.

Kuno kwathu nkhaniyi ikukhudza kwambiri madera a fodya, monga kwa Mfumu Njombwa m'boma la Kasungu. Fodya wa fuluwu amaumitsidwa ndi nkhuni, pomwe wa bale amafuna milimo ya zigafa, ndipo mitengo yachilengedwe yachepa m'zigwa zimenezi. Pamene malata alowa m'malo mwa udzu, nyumba zambiri zatsala pa mtetete.

Chachikulu ndi malo odzala. Kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa pamutu penipeni ku Kasungu, choncho denga limapsa masana, ndipo khoma la kumadzulo limalandira dzuwa loopsa la madzulo. Mtengo wa mthunzi uyenera kukhala mbali imeneyo.

Mtundu wa mtengo nawonso ndi wofunika, poti mitengo yambiri imayoyola masamba m'chilimwe. Mango ndi nimu sizivula. Msangu ndi wodabwitsa: umayoyola m'dzinja n'kukhala ndi masamba m'chilimwe, nyengo yomwe mthunzi umafunika kwambiri, ngakhale uli ndi minga ndipo umakula pang'onopang'ono. Malaina, bulugamu ndi kachere n'zosayenera pafupi ndi khoma, chifukwa mizu yake imang'amba maziko.

Kwa okhala m'nyumba za lendi kapena m'mafulati a ku Lilongwe ndi Blantyre, komwe malo ndi ochepa, magalagadeya amayanga msanga pa waya ndipo amabala zipatso. Wayayo atalikirane pang'ono ndi khoma kuti mphepo izidutsa komanso chinyontho chisaononge pulasitala.

Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo.