Mpeni wa Chopalira Matabwa ndi Mwala Wake

Chopalira matabwa ndi chida chakale kwambiri. Mu mzinda wa Pompeii ku Italy, umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, ofukula zakale anapezamo zopalira za amisiri achiroma. Mpeni wa chopalira chotere unali waufupi, ndipo mmisiri ankaunola ndi manja pamwala.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1828, pamene William Woodworth wa ku America analembetsa kuboma makina ake opalira, okhala ndi mipeni yozungulira mwaliŵiro. Ntchito inafulumira ndithu, koma panabuka vuto lina. Mipeni ya makina ndi yaitali, ndipo dzanja silingaigwire pamwala mosapendama kuyambira uku mpaka uko. Wina ukadyeka kuposa unzake, thabwa limatuluka la mizeremizere.

Amisiri osoŵa ndalama zogulira makina onolera anadzipangira chogwirira chawochawo, ndipo nzeruyi ikugwirabe ntchito. Amatenga thabwa louma loongoka, nkuchekamo timipata tiŵiri topendekeka, nkuloŵetsamo mipeni iŵiri, kukamwa kwake kutayang'ana kumwamba. Mwala ukamayenda pa yonse iŵiri nthaŵi imodzi, mipeniyo imadyeka mofanana.

Amene amanolera pa mwala wozungulira akumbukenso kuti chitsulo chikatentha mpaka kubiriŵira ndiye kuti chafeŵa, ndipo chidzabuntha msanga. Nchifukwa chake mmisiri wodziŵa amaika madzi pafupi, ndipo sapupuluma.

Mlombwa umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule, omvera. Mpeni wobuntha umaononga thabwa lake m'kamphindi.